Chai latte wa kunyumba: zokometsera zichedwe pamoto, masamba asachedwe

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe amene anakhalapo ku Johannesburg pa ntchito. Akuti ali kumeneko ankakonda vanilla chai latte, tiyi wamkaka wathovu wa zokometsera ndi vanila, wa m'malo omwera khofi, ndipo chibwerereni kuno akhala akuyesa kupanga okha. Amagula tea masala wa m'paketi n'kuthira mu tiyi wamkaka, koma zomwe zimatuluka ndi tiyi wosukuluka, wopanda thovu, wansenga pansi pa kapu. Tsiku lina anathiramo jinja wamuwisi, mkaka wonse n'kuchita mibulu. Funso lawo n'lakuti kodi zingatheke popanda makina aja a phokoso, kapena angoiwala?

Achemwali, musaiwale ayi. Zitheka, pa mbaula pomwe. Pa chakumwachi makina aja ntchito yawo ndi imodzi yokha, kutenthetsa mkaka ndi nthunzi kuti uchite thovu, ndipo thovu tili ndi njira zina zolipezera. Vuto lanu lenileni lili kwina: mukuphika zonse pamodzi nthawi imodzi, pomwe chakumwa chomwe munazolowera chija ndi zinthu ziwiri zopangidwa padera, zomwe zimangokumana m'kapu.

Mukadzapitanso kumalo otere mudzayang'anitsitse zomwe wogulitsa amachita. Simudzaona poto, simudzaona masamba a tiyi. Amatenga botolo la madzi akuda okhathamira, kapena chitini cha ufa wosakaniza kale, kuthira pang'ono m'kapu, kenako kudzaza ndi mkaka wathovu. Madzi akuda aja ndi tiyi wamphamvu kwambiri wophikidwa ndi zokometsera ndi shuga wambiri, anaphikidwa kalekale kufakitale. Kachitidwe kameneka kanakula ku America m'zaka za m'ma 1990. Kampani ya Oregon Chai inayamba mu 1994 ku Portland kugulitsa madzi oterewa m'mapaketi, ndipo Starbucks, kampani ya malo omwera khofi, inagula kampani ya tiyi ya Tazo mu 1999, chakumwachi n'kufalikira dziko lonse. Ku India komwe masala chai, tiyi wa zokometserayu, anachokera sachita choncho. Ogulitsa tiyi m'misewu ndi m'masiteshoni a sitima amawiritsa madzi, mkaka, masamba, shuga ndi jinja m'poto mmodzi, kusefa, basi. Uja ndi wabwino kwambiri, ine m'mawa wa mu June ndimasankha yemweyo, koma ndi chakumwa china. Ndi wamphamvu, sakhala ndi thovu loyera pamwamba, ndipo mkaka wake umamveka kuti waphikidwa. Inu mwafunsa za wa mu shopu, ndiye tiphika madzi akuda aja tokha.

Tiyambe ndi paketi ya tea masala. Sindikuti ndi yoipa. Koma zokometsera zikagayidwa kafungo kake kamathawa msanga, chifukwa kamakhala m'timafuta tomwe timauluka tikangokumana ndi mpweya, ndipo simudziwa kuti paketiyo yakhala miyezi ingati pa shelefu. Chinanso, ufa wa sinamoni kapena wa jinja susungunuka m'madzi monga achitira shuga. Umangoyandama kenako n'kukhala pansi, ndiye nsenga mukudandaula zija. Sinamoni wogaya akaphikidwa nthawi yaitali amachitanso kutelera pang'ono. Gulani zokometsera zosagaya. M'mashopu a amwenye ku Area 2 kapena ku Limbe zimapezeka, ndipo kapaketi kamodzi kamakhalitsa poti mumagwiritsa ntchito zochepa.

Pa lita imodzi ya madzi muyika izi: cardamom wobiriwira timakoko 12, timitengo tiwiri ta sinamoni totalika ngati chala, ma clove 5 kapena 6, njere 10 za tsabola wakuda, ndi jinja wamuwisi wokwana zala zazikulu ziwiri, wodula mopyapyala. Ngati muli ndi star anise, chokometsera chooneka ngati nyenyezi, ikani imodzi yokha, ngati mulibe musavutike kukasaka.

Mwa zonsezi mwini fungo ndi cardamom. Kafungo kamene kamakugundani mukangochotsa chivindikiro pa kapu ya mu shopu ndi kameneko, ndipo ndi chifukwa chake mapaketi otchipa sakufikitsani pomwe mukufuna: cardamom ndi wodula, amangotsatira safironi ndi vanila pa mtengo, ndiye opanga ufa wotchipa amamuchepetsa n'kuchulutsa jinja. Kwawo ndi kumapiri a kummwera kwa India, ngakhale masiku ano wambiri amalimidwa ku Guatemala. Posankha yang'anani mtundu. Timakoko tikhale tobiriwira, tofufuma, njere za mkati zakuda ndi zomata pang'ono. Totuwa ndi touma kwambiri tatha ntchito. Palinso cardamom wakuda wamkulu wonunkhira utsi, uja ndi wa mu mpunga ndi nyama, mu tiyi asalowe.

Ma clove ndi ankhanza. Mukapyola muyeso amakwirira zina zonse, lilime n'kuchita dzanzi. Tsabola wakuda anthu ambiri amamusiya poopa kuti tiyi awawa, koma ndi iye pamodzi ndi jinja amene amapereka kakutentha komwe kamatsalira kukhosi mukameza. Mukamuchotsa mutsala ndi mkaka wotsekemera wonunkhira sinamoni, wopanda mano.

Sinamoni amene amapezeka kwambiri m'misika ndi wa khungwa lochindikala, lolimba, wotchedwa cassia. Wa ku Sri Lanka ndi wopyapyala, wokulungika timagawo tambiri, wosavuta kuswa ndi zala, ndipo fungo lake ndi lofatsa. Pa ntchito iyi wochindikalayo ndiye amafanana ndi kukoma kwa mu shopu. Chomwe muyenera kudziwa n'chakuti cassia ali ndi mankhwala achilengedwe otchedwa coumarin omwe akachuluka tsiku ndi tsiku amavutitsa chiwindi. Timitengo tiwiri togawana makapu asanu palibe vuto, chenjezoli ndi la anthu amene amamwa masupuni a ufa wake ngati mankhwala.

Tsopano kaphikidwe. Ikani zokometsera zouma zija m'poto wouma, popanda mafuta, pamoto wochepa. Takasani kwa mphindi ziwiri mpaka fungo limveke m'khitchini monse. Zisadetsedwe, zikapserera kuwawa kwake sikuchoka. Phulani, ikani mu kamtondo, tswanyani pang'ono chabe kuti cardamom atseguke ndi tsabola asweke. Musasinje mpaka ufa, mungabwerere ku nsenga zomwe zija. Bwezerani m'poto, thirani lita ya madzi ndi jinja, ziwire, kenako chepetsani moto ziziwira pang'onopang'ono kwa mphindi 20 mutavindikira mosiya mpata. Pa mbaula chotsani makala ena kapena thirani phulusa pang'ono. Madzi aphwere mpaka atsale mamililita pafupifupi 700.

Masamba a tiyi asanalowebe mpaka pano, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Khungwa la sinamoni ndi njere za tsabola ndi zolimba, zimafuna nthawi kuti zitulutse zomwe zili nazo. Masamba a tiyi ndi osiyana nazo: m'mphindi zoyambirira amapereka mtundu ndi kukoma, akapitiriza kuwira amatulutsa zowawa zomwe zimaumitsa m'kamwa. Mukaziyika limodzi muyenera kuluza mbali imodzi. Mukaphula msanga kuti tiyi asawawe, zokometsera sizinayambe n'komwe kugwira ntchito, ndiye kusukuluka kuja. Mukadikira zokometsera, tiyi wawawa. Choncho zokometsera zikatha mphindi 20 zake, phulani poto, thiranimo masupuni akuluakulu 4 a masamba kapena timatumba 8, vindikirani, dikirani mphindi 5, sefani. Musafinye masamba ndi supuni posefa. Ngati sefa yanu ndi ya maso aakulu, yalanipo kansalu koyera.

Muona ngati masamba achuluka. Achulukedi, chifukwa madziwa akukathiridwa mkaka wofanana nawo kapena woposa, ndipo tiyi wa mphamvu ya masiku onse amasowa mu mkaka wotere.

Za mtundu wa masamba, apa ife tili pabwino kuposa amene amakonza chakumwachi ku London kapena ku New York. Ku India amagwiritsa ntchito tiyi wa ku Assam wodulidwa tinthu ting'onoting'ono ndi makina, njira yomwe inayambira komweko m'zaka za m'ma 1930 n'kuchititsa kuti tiyi akhale wotchipa ndi wotulutsa mphamvu msanga. Tiyi wambiri wa ku Thyolo ndi ku Mulanje ndi wamtundu womwewo wa masamba odulidwa bwino, ndipo ogula akunja amamukonda chifukwa cha kufiira kwake, amamusakaniza m'timatumba tawo kuti kapu ioneke bwino ikathiridwa mkaka. Ndiye Chombe wa m'golosale yapafupi akukwanirani. Tiyi wapamwamba wa masamba athunthu, monga woyera ndi oolong amene amapanga ku Satemwa, musamuwononge pa izi, kukoma kwake kofatsa sikungapikisane ndi ma clove. Earl Grey nayenso ayi, ali kale ndi fungo lakelake. Ngati mukufuna wopanda caffeine woti mumwe usiku kapena mupatseko ana, rooibos amene munamuzolowera ku South Africa amagwira bwino, ndipo iye sawawa ngakhale awire limodzi ndi zokometsera mphindi zonse 20.

Mukasefa, madzi akadali otentha, thirani shuga. Pano ndikuuzeni zomwe sizinalembedwe pa bolodi la mitengo ya zakumwa. Kapu yapakati ya chai latte ya ku Starbucks, ya mamililita pafupifupi 470, kwa zaka zambiri yakhala ndi shuga wopitirira magalamu 40 mukaphatikiza ndi wachilengedwe wa mu mkaka. Supuni yaing'ono imodzi ndi magalamu 4, werengerani nokha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu pafupifupi 50 a shuga wothira pa tsiku. Ndiye gawo lalikulu la kukoma komwe mukukusowa ndi shuga basi, ndipo mukapanga wanu wopanda shuga musadabwe kuti sakufanana. Shuga amadzutsa zokometsera, popanda iye cardamom ndi sinamoni zimangonunkhira koma pa lilime sizimveka. Ine ndimaika masupuni akuluakulu 5 a shuga wabulauni pa muyeso wonsewu. Mukagawa makapu asanu ndi supuni yaikulu imodzi pa kapu, wotsekemera bwino koma wosafika kwa a mu shopu. Wabulauni ali ndi kakomedwe ka nzimbe komwe kamagwirizana ndi sinamoni kuposa woyera. Uchi nawo umachita bwino, koma uli ndi fungo lakelake lomwe limapikisana ndi vanila, ndiye sankhani chimodzi.

Vanila amalowa pomaliza penipeni, madzi atayamba kuzizira, masupuni aang'ono awiri. Mukamuthira poto akuwira fungo lambiri lithawa ndi nthunzi. Timabotolo ta vanilla essence togulitsidwa pa shelefu ya zopangira makeke si ta vanila weniweni wa ku Madagascar, n'tokonzedwa kufakitale, koma mu chakumwa chodzaza zokometsera ngati ichi kusiyana kwake ndi anthu ochepa angakumve. Musawononge ndalama. Ingosamalani muyeso, poti akachuluka amamveka ngati mankhwala.

Nanga mibulu ija? Mkaka wanu sunali woipa. Jinja wamuwisi ali ndi mphamvu inayake yachilengedwe yomwe imagwira mapuloteni a mu mkaka n'kuwaumbitsa, makamaka mkakawo ukakhala wotentha koma usanawire, pa madigiri 60 mpaka 70. Kummwera kwa China amachita dala zimenezi, amathira mkaka wotentha pa madzi a jinja n'kupanga chakudya chotsekemera chodya ndi supuni. Mphamvuyi imafa jinja akawira m'madzi. Ndiye jinja wamuwisi asakumane ndi mkaka asanawire kwa mphindi zingapo. M'njira yomwe ndafotokozayi vutoli silibwera n'komwe chifukwa jinja wawira mphindi 20. Chinanso chodula mkaka ndi chowawasa chilichonse. Madzi a mandimu kapena a lalanje asayandikire.

Tibwere ku thovu. Chimene chimagwira mpweya mu mkaka ndi mapuloteni ake, ndipo amagwira bwino mkaka ukatentha pakati pa madigiri 60 ndi 65. Pamenepo ndi pomwenso mkaka umamveka wotsekemera pawokha. Ukapitirira 70 umayamba kununkhira kuphikidwa, kuchita kakhungu pamwamba, thovu lake n'kumaphwa msanga. Ambiri a ife tinaleredwa kuti mkaka uyenera kuwira mpaka kufufuma, ndiye dzanja limakana kuphula msanga, koma wa m'paketi unaphikidwa kale kufakitale. Popanda choyezera, yang'anani m'mbali mwa poto: tikayamba kuoneka timathovu ting'onoting'ono, nthunzi n'kumafuka, koma pakati pasanayambe kugwedezeka, phulani. Mkaka wa kwa alimi, wa m'zigubu, umenewo wokha uwiritseni ndithu kaye chifukwa cha matenda, uzizire, muchotse kakhungu, kenako muutenthetsenso. Thovu lake silikhala lokongola kwenikweni koma kukoma kulipo.

Mkaka wa m'paketi wokhalitsa uja umachita thovu bwino kwambiri. Wokhala ndi mafuta ake onse umapereka thovu losalala ndi kukoma kodzaza, wochotsa mafuta umapereka thovu lambiri koma louma. Ine ndimasankha woyambawo. Mkaka wa ufa, Nido kapena wina aliyense amene ndi mkaka weniweni, umagwiranso ntchito mukausungunula bwino m'madzi ofunda, ndipo mutha kuwonjezera ufa pang'ono kuposa zomwe zalembedwa pa chitini kuti ukhale wolemera. Cremora ndi zinzake si mkaka, ndi mafuta a zomera ndi shuga wake, mapuloteni ndi ochepa. Ziyeretsa tiyi koma thovu lokhazikika musaliyembekezere. Mkaka wa soya umachita thovu ndithu.

Chida chabwino koposa ndi pulanja ya khofi, kabotolo kagalasi kokhala ndi sefa yotsitsa ndi dzanja kaja. Thirani mkaka wotentha osapyola gawo limodzi mwa magawo atatu, kwezani ndi kutsitsa sefa mwachangu kwa masekondi 20 kapena 30. Koyambirira muzikweza mpaka pamwamba kuti mpweya ulowe, kenako muzipopa sefa ili mkati mwa mkaka kuti mathovu akuluakulu asweke. Mukatha gogodani pansi pake pa tebulo, zunguzani pang'ono. Thovu la pulanja limafika pafupi kwambiri ndi la makina. Ngati pulanja mulibe, chopukusira cha mawaya chomwe mumamenyera mazira chikwanira: chiimikeni m'poto n'kumachipukusa pakati pa zikhatho monga tichitira ndi thelere. Timakina ta mabatire tokhala ndi kawaya kozungulira kumapeto timapezeka m'mashopu a ziwiya ndipo ndi totchipa, ingopendeketsani kapu kuti mkaka uzizungulira. Njira ya botolo la jamu, kuthira mkaka theka n'kukhutchumula, imagwira, koma mathovu ake ndi akuluakulu ndipo amaphwa msanga. Samalaninso, mkaka wotentha m'botolo lotseka umakankha chotsekera, ndiye likulungeni ndi kansalu, potsegula muzitsegula pang'onopang'ono kutali ndi nkhope.

Posakaniza, tenthetsani madzi akuda aja padera, theka la kapu, mamililita 120. Mkaka ukhale wofanana nawo, kapena woposerapo ngati mukufuna wofatsa. Thirani madzi akuda m'kapu, kenako mkaka mukutchinga thovu ndi supuni, pomaliza thovulo pamwamba. Kuwaza kaufa ka sinamoni pamwamba si kukongoletsa chabe, mphuno ndi yomwe imayamba kufika pa kapu. Apa ndi pomwe tea masala wanu wa m'paketi angagwire ntchito, kakutsina kamodzi pa thovu. Tsukuluzani kapu ndi madzi otentha musanathire, chifukwa mkaka wa madigiri 65 suchedwa kuzizira m'kapu yozizira.

Madzi otsala ikani m'botolo lagalasi loyera, m'firiji akhala masiku asanu bwinobwino. Akachita mbuu akazizira musataye, tiyi wamphamvu amatero, amayeranso mukamutenthetsa. Ngati kwanu magetsi amavuta kapena firiji mulibe, sinthani kachitidwe. Phikani zokometsera zomwezo m'makapu awiri a madzi mpaka atsale kapu imodzi, sefani, thiranimo kapu imodzi ya shuga, ziwire mphindi zochepa. Masamba musaike. Manyuchi amenewa shuga wake ndi wambiri moti amapirira masiku angapo pamalo ozizira, ndipo m'firiji amatha masabata awiri kapena atatu. Mukafuna kumwa, fululani theka la kapu ya tiyi wamphamvu, thirani supuni yaikulu imodzi ya manyuchiwo, mkaka wathovu pamwamba. Akayamba kununkha mosasa kapena kuonetsa nkhungu, tayani.

Mukazolowera wa vanila, mitundu ina ija ya pa bolodi ndi yosavuta. Wa caramel: sungunulani shuga woyera yekha m'poto wouma mpaka afiire ngati uchi, kenako thirani madzi a tiyi osefa aja pang'onopang'ono mutaima patali chifukwa zimathetheka. Wa chokoleti: supuni yaing'ono ya ufa wa koko, muyambe mwaupanga phala ndi madzi akuda ochepa kuti usachite mibulu. Wa lalanje: khungu lokha, gawo la kunja lopanda zoyera za mkati, liwire ndi zokometsera mphindi 5 zomaliza. Lemongrass wa kuseri kwa nyumba amalowa nthawi yomweyo, ndipo amagwirizana kwambiri ndi jinja, koma mukamuika chotsani star anise. Amene amamutcha dirty chai ndi chai latte wothira kakhofi kakang'ono kamphamvu. Ndi khofi wa ku Mzuzu wofulula mu pulanja, masupuni awiri odzaza pa madzi ochepa, mupeza zomwezo. Ine sindimukonda kwenikweni, khofi amakwirira cardamom yemwe mwamugula modula, koma ali ndi omutsatira ake.

Mu October dzuwa likafika poipa, thirani madzi akuda ozizira m'tambula ya ayezi, mkaka wozizira pamwamba, osatenthetsa chilichonse. Kuzizira kumachepetsa kutsekemera pa lilime ndipo ayezi amasungunula, ndiye chulutsani madzi akudawo pang'ono kuposa mkaka.

Mukapanga koyamba tsatirani muyeso monga ndalembera, kenako muzisintha chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse. Akasukuluka, wonjezerani masamba, osati mphindi. Akawawa, chepetsani mphindi zikhale 4. Fungo likachepa, wonjezerani cardamom kapena kagulenini watsopano. Lilime likachita dzanzi, ma clove atsike afike atatu. Ndipo mwatchula m'kalata kuti adokotala anakuuzani kuti magazi ndi ochepa m'thupi: tiyi amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi wa m'zakudya, ndiye kapu yanuyi muzimwa patadutsa ola limodzi kapena awiri mutadya, osati pamodzi ndi nsima kapena ndi mapiritsi a magazi.